Lupanga Losanyamulika la Sondos

Loweruka, 3 Febuluwale

Adokotala akuti ndikapsa mtima ndizilemba, ndisamakalipe, magazi akuthamanga kwambiri. Kopeli lagona mwezi wathunthu pamwamba pa firiji. Lero ndalitsegula, koma osati chifukwa cha mkwiyo. Sondos wabwera kushopu.

Yekha. Popanda amayi ake, popanda Idi, popanda maliro. Chisiyanirane ine ndi Nagwa, mwanayu ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndimangomuona pa Idi basi. Tiyi, moni, maso pa foni, kenako "Ababa, ndapita." Pano ndi namwali wa ku yunivesite. Ndinali chogwada ndikuwotcherera geti la dokotala wina wa mano, pochotsa chigoba kumaso ndangoona nsapato zoyera pakati pa zinyalala zanga.

Akufuna lupanga. Wandionetsa pa foni, la m'gemu ina yake ya pa kompyuta. Pa 16 kuli mpikisano kuholo ya ku Smouha, achinyamata amavala ngati anthu a m'magemu awo n'kumayenda pansanja. Iye adzavala ngati mtsikana wankhondo mwini lupangalo.

Lupanga lake! Lalitali kuposa mwini wake. M'lifupi ngati chitseko cha kabati, mano atatu kumsana, chigwiriro ngati chala changa. Amene anajambula chinthuchi sanagwirepo nyundo chibadwire.

Walankhula zambiri mothamanga. Za siponji ina yolimba, za guluu, zoti pakhomo pa holo salola chitsulo. Siponji! Mwana wa Gaber wosula, mdzukulu wa wosula, akaime pamaso pa Alexandria yense ndi lupanga la siponji? Ndangogwedeza mutu. Mlonda wa pakhomo ndi munthu, tidzalankhula naye.

Akuti azibwera akaweruka, tizipangira limodzi. Ndakana. Muno ndi moto, utsi, ndi pakamwa powola pa Milad, wosoka masofa wa shopu yoyandikana nayo. Ndamuuza kuti adzaliona litatha.

Chinthu choyamba kundipempha m'zaka zonsezi. Ndikachiphonya ichi sadzabweranso, mtima wa amayi ake ndimaudziwa.

Lamulungu, 4 Febuluwale

Chithunzi ndachikulitsa kwa ojambula a pakona. Ndachikhoma pakhoma. M'mawa wonse ndikuchiyang'ana, chikundiyang'ana.

Zopanda mutu zokhazokha. Kulemera konse kutsogolo. Lupanga lotere ukalizunguza kamodzi limathyokera pachigwiriro, kamtsikana kankhondoko n'kutsala ndi kamtengo m'manja, adani akuseka. Koma pachithunzi kalinyamula ndi dzanja limodzi, kakumwetulira. Bodza lamkunkhuniza.

Nzeru ndaipeza. Lata lopyapyala mbali ziwiri, m'kati mopanda kanthu, nthiti zochepa. Lidzapepuka.

Milad wasiya sofa yake n'kudzasuzumira, misomali ili kukamwa ngati masiku onse. "Bambo a Sondos, nkhondo yake ndi ya kuti imeneyi? Tiuzeni tithawiretu." Ndamuuza abwerere kukasoka mapilo, ntchito ya amuna isamusokoneze. Zaka makumi awiri khomo ndi khomo, sanandiuzepo mawu amodzi aphindu. Potuluka akuti ngati ndi siponji ali nayo yambiri, yaulere. Chitsiru.

Mvula masana. Denga likudonthanso pamwamba pa makina.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Lata likupindika ndi moto. Ndawotcherera, lapindika. Ndawongola, lapindikira kwina. Zidutswa ziwiri zatayika. Chala chachikulu chapsa, chatupa.

Wa mano waimba kawiri za geti lake. Adikire. Akuba sanayambe lero.

Sondos naye waimba. Akuti ali pa siteshoni ya tramu, kasitima ka m'tauni kaja, pompano, kalasi yatha msanga, abwere? Ndinayang'ana pansi: lata lokhota, utsi, ine thukuta ngati ndagwera m'nyanja. Aone bambo ake akulephera? Ayi. Ndamuuza kuti ndatanganidwa. Iye anangoti "Chabwino." Ana a masiku ano, chilichonse "chabwino." Sudziwa ngati wakondwa kapena wakwiya.

Mankhwala a magazi ndaiwala kumwa.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Nditachoka ku mzikiti ndabwera kudzatsegula theka la chitseko. Msewu wonse zii, ine ndekha ndi nyundo.

Chigwiriro chathyoka. Ndinanena! Ndinachipanga monga chilili pachithunzi kuti mwana asadandaule, ndangolitukula kamodzi, thyo! Latsala pang'ono kundidula phazi. Ndikanamupeza wojambulayo ndikanamupatsa lupanga lakelo alinyamule kuchokera pano mpaka kudoko.

Ndalowetsa paipi yokhuthala kuchokera kuchigwiriro mpaka pakati. Kulemera kwawonjezekera pang'ono. Pang'ono chabe. Koma tsopano ndi lupanga, ngakhale ngamila italiponda.

Nagwa waimba. Mawu ake sanasinthe, amayamba ndi kuusa moyo. "Gaber, mwanayu akuti ukumubweza pakhomo." Sindikumubweza, ndikumukonzera chinthu chabwino. "Wamumvetsa zimene akufuna?" Ndamuuza kuti za zitsulo andisiyire ine, iye za mphika. Wadula foni. Nkhani zathu zimathera pomwepo kuyambira kale.

Lamulungu, 11 Febuluwale

Sondos wabwera osaimba. Mbale ziwiri za koshari, mpunga wosakaniza ndi mphodza, m'jumbo, yanga ya tsabola wambiri. Akukumbukira!

Mwamwayi Milad anamuona ali patali n'kukuwa, "A Gaber, alendo olemekezeka!" Ndaponya chiguduli pa lupanga, ndathamangira pakhomo, ndaima pakati. Tadyera panja, pabenchi ya Milad. Sondos maso m'kati mwa shopu, khosi kutalika. Wafunsa kuti siponji ndagula yokhuthala bwanji, m'mphepete ndikusema ndi chiyani. Mafunso ngati wapolisi. Ndamuuza kuti mmisiri safunsidwa ntchito ili pamoto.

Anabweretsa kachikwama, akuti muli timipeni take. Timipeni! Ndaseka. Ndamuuza asunge, adzasendera malalanje.

Sanamalize koshari wake. Akuti mutu. Wapita msanga.

Milad wandiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Iwe, mutu wakowu unausula wekha eti?" Nsanje. Ana ake onse ali kunja, palibe amene amamubweretsera koshari.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Latha.

Mulungu ndi mboni, sindinapangepo chinthu chokongola chotere. Ndalipukuta mpaka ndikudziona ndevu. Mano atatu aja ali m'malo mwake. Chigwiriro ndakulunga chikopa chenicheni. M'mphepete ndasiya mobuntha, sindine wamisala.

Msewu wonse unasonkhana. Wometa, wa tiyi, anyamata a matayala. Aliyense kufuna kulitukula ndi kujambulitsa. Wogula zitsulo zakale waliika pa sikelo yake: makilo khumi ndi anayi. Lupanga lotalika chonchi! Wina akanalipanga likanafika makumi anayi. Lapepuka ngati nthenga.

Milad yekha sanaligwire. Akuti, "Mwanayo amalemera makilo angati?" Mbuzi ya munthu.

Sondos ndamuitana mawa. Ndameta. Ndagula maswiti a ufuta aja ankawakonda ali wamng'ono.

Lachitatu, 14 Febuluwale

Ndilembe, ndisakalipe. Ndilembe.

Wafika masana, chovala chake cha mpikisano chili m'chikwama kuti ayesere pamodzi. Ndinamuuza atseke maso. Ndachotsa chiguduli. Watsegula.

Anayandikira n'kuligogoda ndi chala. Linalira ngii. Nkhope yake inangogwa.

Ndinati aligwire kaye, aone kupepuka kwake. Wagwira ndi manja awiri. Wakoka. Nsonga sinachoke pansi. Wakokanso, nkhope kufiira, mitsempha ya m'khosi kuonekera, lakwera mpaka m'mawondo n'kumukokera kutsogolo. Ndikanapanda kuligwira likanamuphwanya zala za kumapazi. Ndipo pansanja ayenera kulizunguza pamwamba pa mutu ndi dzanja limodzi. Zimenezo ndazimva lero. Akuti anandiuza tsiku loyamba lomwe. Mwina.

Ndinayamba kufotokoza. Za chigwiriro, za paipi, zoti wojambulayo ndi mbuli, zoti mlonda ndilankhula naye ndekha. Wandidula. Mwana wanga kundidula mawu, pamaso pa wometa ndi anyamata a matayala amene anabwera kudzaona chisangalalo.

"Ababa, ndinakuuzani kuti siponji. Ndinakuuzani kuti chitsulo salola. Munamva mawu amodzi okha, lupanga."

Ndinati siponji ndi ya masofa, ine sindipanga zidole. Ndinakweza mawu, inde. Ndinati masabata awiri ndataya, geti la anthu lili pansi, chala ndapsa, zikomo wake ndi ameneyu?

Sanalire. Bola akanalira. Anangonyamula chikwama chake. "Musavutike nazonso." Basi. Nsapato zoyera zija zikupita, osacheuka.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi ngati pamaliro. Milad anatsala pakhomo. Ndinkadikira chipongwe chake kuti ndipeze pophulikira. Anangoti, "Safunsa anadya phula, m'bale wanga," n'kubwerera ku sofa yake.

Maswiti ali pompa. Chilupanga chili tsonga pakhoma, chikunyezimira ngati palibe chachitika. Ndikufuna kuchidula zidutswazidutswa. Dzanja likukana.

Ndaimba katatu. Sakuyankha.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa ndalowa kwa Milad, koyamba kulowa ndi pempho. Anandisiya ndiime kaye. "A Gaber wosula, kwa ife osoka mapilo? Mwasochera?" Ndameza. Ndameza zonse.

Mawa ndi mpikisano. Tsiku limodzi.

Lupanga loyamba tadula pa siponji ya sofa. Kudula kwake kosamveka, mpeni ukupita uku siponji ikuthawira uko. Chitsulo ukachiuza chimamva. Titaliimika lagwada n'kuweramira pansi ngati buledi wonyowa. Milad waseka mpaka kutsokomola. Siponji imene mwana ankanena si imeneyi, ndi ina, ndipo tonse awiri sitikuidziwa. Amene akuidziwa sakuyankha foni.

Lachiwiri tapanga ndi zoyera zija zimabwera m'katoni ya firiji, wa sitolo ya magetsi watipatsa. Izi ndiye zinaima bwino. Ndinasema mano atatu, ndinayamba kumva bwino mumtima. Ndatenga penti yanga yopopera, ya siliva, yomwe ndimapopera mageti. Ndapopera. Lupanga layamba kulira tsss, kuchita mabowo, kusungunuka ndikuona ndi maso anga. Mphindi zochepa latsala ngati chisa cha mavu. Ndani akanadziwa kuti penti imadya zinthu zimenezi? Ndaponya chitini kukhoma. Ndakalipa, adokotala andikhululukire. Wa tiyi anathawa ndi thireyi yake.

Lachitatu ndi siponji ya sofa yomweyo, m'kati mtengo wa tsache, kunja nsalu yotuwa imene Milad anasokera bwinobwino. Pakamwa pake powola, koma manja ali nawo. Likuoneka ngati pilo wautali. Lonyansa. Koma mwana wa zaka zisanu akhoza kulizunguza.

Geti la wa mano lapita kwa mmisiri wina. Lipite.

Sondos ndamulembera uthenga kuti ndikubweretsa lina. Wawerenga. Sanayankhe.

Lachisanu, 16 Febuluwale

Tekisi ziwiri zakana kunyamula chipilo changacho. Mu tramu kondakitala akuti ndilipirire awiri, ine ndi mkazi wangayo. Anthu kuseka. Mwana wina kulikoka nsonga njira yonse. Kuchokera pa siteshoni wapansi, chipilo paphewa, mphepo ya kunyanja ikulimbana nane.

Kuholo chinamtindi cha ana. Tsitsi lobiriwira, mapiko, nyanga, makutu a mphaka. Pakhomo tebulo lalitali, atsikana awiri akupsinya chida chilichonse ndi zala, china akuchibweza. Mnyamata wina anamubweza chifukwa cha kawaya kokha. Mlonda amene ndimati ndidzalankhula naye ndi kamtsikana ka magalasi, sikamwa tiyi wa munthu. Langa anapsinya, anayang'anana, analola. Mmodzi anafunsa kuti ndavala ngati ndani. Ndinati ngati chitsiru.

Ndinachedwa. Polowa n'kuti mpikisano uli m'kati. Ndinaima kumbuyo ndi pilo wanga.

Anamuitana dzina. Anatuluka.

Lupanga lili m'manja. Lalitali kuposa iye, mano atatu kumsana. Chitsulo chenicheni, chakale, chodziwa nkhondo: m'mphepete mowala ngati mwangonoledwa, pakati pakuda, timikwingwirima, dzimbiri pang'ono pafupi ndi chigwiriro pomwe dzimbiri limayambiradi. Zaka makumi atatu ndikugwira chitsulo, ndikanalumbira pa Buku kuti n'chitsulo. Analizunguza pamwamba pa mutu ndi dzanja limodzi. Holo yonse inakuwa.

Ndinafunsa mnyamata wa nyanga amene anali pambali panga kuti lupangalo wagula kuti. Anandiyang'ana ngati ndachokera kumudzi. "Kugula? Amalume, ameneyo ndi Sondos. Theka la zida muno wapanga ndi iyeyo. Ilo wapanga masiku awiri, sanagone." Anandionetsa nkhwangwa yake, chishango cha mnzake. Ntchito yoyera. Mizere yowongoka, molumikiza mosaoneka. Dzanja la agogo ake lenileni.

Ndipo ine ndinamuuza kuti timipeni take akasendere malalanje.

Wapeza malo achiwiri. Oweruza ndi akhungu, koma zimenezo n'zina.

Anandipeza yekha pakhonde, ndikufuna pobisa chipilo. Anachiyang'ana. Anachipsinya. Pakamwa panagwedezeka ngati aseka, koma sanaseke. Ndinamufunsa, mwaukali ndithu chifukwa manyazi anandikwana, kuti ngati amatha yekha anandivutitsiranji.

"Lupanga ndikanapanga ndekha, Ababa. Ndimafuna masabata awiri aja."

Anzake anamuitana kukajambulitsa. Anapita. Sanati tsalani bwino, sanati tionana.

Chipilo ndachisiya mu tramu dala. Kondakitala wandithamangira nacho.

Lachiwiri, 20 Febuluwale

Palibe foni. Inenso sindinaimbe. Ndinene chiyani? Pepani ndinamulembera Loweruka, wawerenga, zii. Pepani ndi mawu opepuka, aliyense amatha.

Ntchito sikuyenda. Ndadula zitsulo za windo zonse mofupika. Magazi akwera, adokotala akuti kodi mukulemba? Ndikulemba, adokotala, ndikulemba, taonani phindu lake.

Milad waika chipilo pakhomo pake, akuti chikuitana makasitomala. Ndilibe mphamvu yomutukwana.

Chimene chikundidya n'china, ndipo ndikuchita nacho manyazi. M'mphepete muja. Anawalitsa bwanji siponji mpaka kunyenga diso langa? Penti ya siliva yokha singatero, ndayesa pa kachidutswa, ikungooneka ngati pepala la chokoleti. Pansi pake pali china. Chakuda kaye? Amapaka ndi chala? Ndayesa njira zinayi. Zonse zinyalala. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi!

Loweruka, 24 Febuluwale

Dzulo ndalephera kupirira. Ndamujambulira zidutswa zanga zonyansazo n'kumutumizira. Sindinalembe za pepani, sindinalembe za ubambo. Ndangofunsa: m'mphepete muja unatani kuti muwale choncho? Ine zandikanika.

Foni inakhala chete mpaka madzulo. Kenako: "Mwapaka penti yambiri. Zimenezi sizifotokozeka pa foni."

Ndinayang'ana mawuwo mpaka tiyi kuzizira. Ndinalemba kuti shopu imakhala yotsegula. Ndinafufuta. Ndinalemba kuti ubwere undionetse. Wayankha kuti aona, mwina mawa akaweruka.

Mwina. Mawu a amayi ake enieni.

Ndasesa kuyambira m'mawa, fumbi la zaka. Tebulo lalikulu ndachotsapo zonse. Milad wabweretsa mpando wabwino wa kasitomala wake, akuti ndikaudetsa ndilipira. Akutinso, "Akafika, iwe ntchito yako ndi kugwira pomwe wauzidwa. Pakamwa potseka. Ukayamba za agogo ako osula, ndikubaya ndi singano." Ndamuuza atuluke.

Kalasi imatha masana. Dzuwa lapendeka. Tramu zadutsa, anthu atsika, iye ayi. Ndinadziwa. Ndasesa pachabe ngati chitsiru, ndabweza kasitomala wofuna zitsulo za pakhonde pachabe, ndipo Milad akungosuzumira kuno ndi nkhope yake ya chisoni ija imene ndimadana nayo kuposa chipongwe chake. Akabweranso ndimu—

Sondos wafika. Chikwama chachikulu kumsana, mpukutu wa siponji yakuda kukhwapa. Waima pakhomo, sakulowa. Akufunsa ngati lero ndikumulola kulowa.